Za nsalu yanu ija, amwali

Johannesburg,
Seputembala 2025

Amwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti chala chapakati ichi chikadali ndi timabowo ta singano.

Uthenga wanu ndinaumva, uja munakalipa kuti, "Kodi nsalu ndinakutumizirani ija munagulitsa? Nanga pachithunzipa mwavaliranji zakuda bii ngati muli pa siwa?" Ndinaseka mpaka adona anatulukira kudzaona chomwe chachitika. Ndinayesa kuyankha pa WhatsApp pomwepo, koma nkhani yake ndi yosakwana pafoni, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe monga tinkachitira kale.

Nsalu sindinagulitse ayi. Ndinasoka, ndipo inandikhala. Siketi yaitali yofika m'mapazi, bulauzi ya manja otukumuka, duku lake, n'kutsalako mamita awiri omangira m'chiuno. M'kati mwa bulauzi ndinaikamo layini wa satini, woyera koma osati mbee, wopita ku mtundu wa mkaka wa m'chitini. Layini ameneyu musamuiwale.

Adona anga mumawadziwa, amene ndimawasokera makatani ndi kuchepetsa zovala za makasitomala m'shopu mwawo. Anabadwira konkuno, koma makolo awo anachokera ku Lebanon, ndipo Lamulungu amakapemphera ku tchalitchi cha a Maronite ku Woodmead. Ndi Akatolika anzanu, Papa wake ndi yemweyo, koma mapemphero awo amayenda mwina, amasakaniza Chiarabu ndi chinenero china chakalekale chotchedwa Syriac. Mwana wawo wamkazi anapeza mnyamata wa kumudzi kwa agogo ake, m'mapiri a kumtunda kwa Jbeil, tauni ya m'mbali mwa nyanja imene ili makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa Beirut, likulu la Lebanon. Ukwati unali woti uchitike mu Okutobala chaka chatha. Diresi linasokedwa ku Beirut, mwanayo anamuyeza mu Julaye 2024, ndalama n'kulipira zonse. Kenako mu Seputembala nkhondo ya Israel ndi gulu lankhondo la ku Lebanon lotchedwa Hezbollah inakula, ndege zambiri zinasiya kupita ku Beirut, ukwati n'kuima. Atagwirizana zosiya kumenyana pa 27 Novembala, mabanja awiriwa anasankha tsiku lina, Loweruka lina la mu Ogasiti chaka chino. Diresi lija linakhala chaka chathunthu lili m'thumba mwake, m'kabati ya azakhali a mkwatibwi ku Achrafieh, mu mzinda wa Beirut.

Inu ndinu telala, mwaona kale kumene tikulowera. Koma m'banja lonse lija palibe anaganizapo, ndipo inenso ndivomere, ndinangoti tikafika tiyeza.

Adona anagula okha tikiti yanga. Akuti zovala zawo munthu wina sazigwira. Mantha ndinali nawo, musaone ngati ndinalimba mtima, koma anandiuza kuti mudziwo uli kutali ndi kummwera kumene kumagwa mabomba, ndipo masiku onse amene ndinakhalako chophulika chomwe ndinamva ndi makombola a maukwati basi. Ogasiti kumeneko ndi nyengo yake. Ana awo amene anabalalikira ku Brazil, ku Australia, ku Canada, ku Abidjan ndi kuno ku Joni amabwerera kwawo m'miyezi yotentha, ndiye usiku uliwonse phiri ili kukuphulika, phiri ilo kukuphulika.

Tinafika Lachitatu, ndipo tsoka linatichingamira pa bwalo la ndege pomwepo. Masutikesi anali asanu ndi anayi, anatuluka asanu ndi atatu. Yosowayo munali diresi la adona, lomwe ndinalisokerera mikanda milungu itatu, ndi suti ya mwana wawo wamwamuna. A kampani ya ndege anati ibwera "bukra". Amenewo ndiwo mawu oyamba a Chiarabu amene ndinaphunzira, ndipo atanthauza mawa. Koma ndi mawa lija timawauza makasitomala ife tisanadule n'komwe nsalu. Azakhali a ku Achrafieh nawo, titaimba foni kuti diresi la mkwatibwi libwere tiyeze, anati bukra. Lachinayi anati lapita kokaliwongola ndi nthunzi, bukra. Lachisanu anati msewu wa ku Jounieh wadzaza magalimoto, alibweretsa okha m'mawa pobwera ku ukwati.

Lachisanu lomwelo adona anataya mtima pa za sutikesi, ndipo tinatsika phiri kukagula diresi lina ku Kaslik, kumene kuli masitolo a zovala zodula. Anapeza lobiriwira, la manja aatali a lesi, analipira madola. Kumeneko chilichonse chachikulu amagula ndi madola, chifukwa ndalama yawo, yotchedwa lira, inagwa kuyambira 2019. Kale dola imodzi inali malira 1,500 ndi pang'ono, lero ndi pafupifupi 89,500. Ine anandipatsa pepala la 100,000 kuti ndikagule ulusi, ndinalipinda bwinobwino n'kulibisa m'kamisolo ngati chuma, osadziwa kuti ndanyamula dola imodzi ndi timakobiri. Mwana wamwamuna wa adona uja anamubwerekera suti kwa msuweni wake. Msuweniyo ndi wochepa thupi ngati bango, pomwe wathuyu anakulira pa nyama yootcha ndi mpira wa ragibe. Jekete linatseka batani limodzi mokakamiza. Buluku ndinalitulutsa msoko wakumbuyo mpaka pomalizira penipeni, n'kumuchenjeza kuti asawerame, asakhale pansi mothamanga, ndipo chilichonse chikagwa asatole.

Anthu aja amavala, amwali. Ife timati a ku Congo ndiwo otchena, koma mukaone amayi a ku Lebanon pa ukwati. Mayi wa zaka 70 ali pa gogoda, tsitsi lokonzedwa kusaluni, diresi lolemera ndi mikanda loti mutalinyamula mkono utopa. Azakhali ena anandiuza kangapo konse, ngati ndikutsutsa, kuti akatswiri otchuka opanga madiresi, Elie Saab ndi Zuhair Murad, ndi ana a dziko lawo, ndi kuti diresi limene wosewera mafilimu wa ku America Halle Berry anavala polandira mphoto ya Oscar mu 2002 linali la Elie Saab. Kunyada kwake n'koyenera. Madiresi angapo ndinawatembenuza kuona m'kati, monga mwa chizolowezi chathu choipa chija, ndipo msoko wake ndi waukhondo, ulusi wolendewera simungaupeze.

Loweruka tinadzukira kunyumba kwa agogo a mkwatibwi, amene onse amawatcha Teta, ndiye kuti agogo aakazi. Nyumba yamiyala, denga la matailosi ofiira, mphesa zikulendewera pakhonde. Pofika 9 koloko munali anthu oposa makumi atatu, aliyense akulankhula, palibe womvera. Chiganizo chimodzi amayamba m'Chiarabu, pakati Chifalansa, n'kumalizira Chingerezi, ndipo akamakambirana zoti khofi athire shuga kapena ayi mungaganize kuti agwirana pakhosi.

Tsono za magetsi. Ife timadandaula kuzimazima, koma kumeneko a boma amabwera maola ochepa patsiku, ndipo m'dera lililonse muli munthu wa jenereta yaikulu amene amagulitsa magetsi kwa anzake mwezi ndi mwezi, poyeza ma ampeya. Teta amalipira ma ampeya 10, okwana furiji, mababu ndi wailesi yakanema. Tsiku limenelo panali wokonza tsitsi ndi choumitsira chake, wodzola anthu ndi nyali yake, simbi, ketulo, ndi pampu yokweza madzi m'thanki. Akangoyatsa ziwiri pamodzi, thi, swichi yagwa. Anachita kuika kamnyamata pampando pafupi ndi bokosi la maswichi, ntchito yake kukweza basi, ndipo kakamva kukuwa kuchipinda kankadziwa kuti nthawi yakwana.

Woyamba kulumidwa anali bambo a mkwatibwi. Mwana wina wa achibale ankasita malaya awo oyera, magetsi n'kuzima, iye n'kusiya simbi chogona pamsana pa malayawo kupita kukaona tsitsi la anzake. Kamnyamata kaja kanakweza swichi mokhulupirika. Tinamva fungo tili kukhitchini. Pamsana panadindika simbi yonse, mphuno yake ndi timabowo take tomwe, yofiirira ngati chigumu chopserera. Malaya ena oyera owakwana munalibe m'nyumbamo, bwanawo ndi a khosi lalikulu. Ndinawauza kuti mankhwala ake ndi amodzi: jekete lisachoke pathupi mpaka abwerere kunyumba. Mu Ogasiti, dzuwa lili ng'aa.

Azakhali a ku Achrafieh anafika 12 koloko itadutsa, atavala kale, akununkhira, kumbuyo kwawo mtsikana wantchito wa ku Ethiopia atanyamula thumba la diresi pamikono iwiri ngati wanyamula wodwala. Amayi onse anakhamukira kuchipinda. Diresi lokongola, sindinama: satini wolemera m'kati, pamwamba lesi wa mikanda ting'onoting'ono, mchira wa mamita awiri. Mwana analowamo, adona anagwira zipi, inakwera bwinobwino mpaka m'chiuno, n'kuima. Anakoka. Anamuuza apume m'kati. Azakhali awiri anakanikiza nthiti uku ndi uku. Zipi osasuntha.

Ndinatenga tepi. Mpata unali masentimita 7, zala zinayi zathunthu.

M'chipinda muja munati zii kwa nthawi yoyamba chifikireni changa m'dzikomo. Kenako zinaphulika. Mkwatibwi misozi chuchuchu, wodzola uja akukuwa kuti nkhope iwonongeka, adona akuloza azakhali kuti bukra wanu uja ndi ameneyu, azakhali akuti wosoka ndiye anachepetsa. Azakhali ena awiri pakona anayamba kunong'onezana akuyang'ana pamimba pa mwana, ndipo pamenepo sindinafune womasulira, manong'onong'o amenewo ndi amodzi dziko lonse lapansi. Mwanayo analibe kanthu. Chaka ndi chaka basi, kuphatikizapo masiku atatu a Teta akumudyetsa manakish, timikate tathyathyathya topaka mafuta a olivi ndi zokometsera zotchedwa zaatar, ndi knefeh ya tchizi ndi madzi a shuga m'mawa uliwonse, uku akumuuza kuti waonda.

Wina anati tiimbire wosoka ku Beirut. Anaimba, foni yosayankhidwa. Wina anati tikabwereke diresi ku Jbeil. Wina anati tingomanga ndi riboni kumsana, velo libisa. Ine ndinali nditalitembenuza kale diresilo. Wosoka uja, mwaukhondo wake womwe ndautama uja, anadula misoko yonse n'kusiya kosakwana sentimita mbali iliyonse. Potulutsa panalibe. Njira inali imodzi, yomwe munandiphunzitsa inu pakhonde paja ku Limbe pamene mkwatibwi wa ku Bangwe anabwera ndi diresi la mkulu wake: kumasula misoko ya m'mbali kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, kulowetsa chigamba chosongoka ngati mkondo uku ndi uku, n'kuphimba ndi lesi. Lesi ndikanadula kunsi kwa mchira, kumene munthu sayang'ana. Koma satini wa mtundu umenewo ndimupeza kuti? Kutsika ku Jbeil ndi kubwerera ndi maola awiri, ndipo a kuchimuna amafika 4 koloko. Tinagwetsa makabati a Teta. Mapilo anali oyera kwambiri, nsalu ya patebulo yokhuthala ngati thumba la chimanga, makatani achikasu.

Nditatukula maso ndinaona bulauzi yanga ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko, yositasita kuyambira dzulo lake, kolala itapindika pang'ono, layini akuonekera. Ndinaiyandikiza pa diresi. Amwali, ngati zinadulidwa pa mpukutu umodzi.

Sindikunamizani kuti ndinapereka ndi mtima woyera. Ndinaima kaye, ndikuganiza zoti ndingokhala chete, palibe akanadziwa. Ndinali nditadziona kale m'maganizo ndikulowa m'tchalitchi muja ndi nsalu ya kwathu, amayi a mikanda aja akucheuka. Koma mwana uja ndinamusokera yunifolomu ali sitandade 3, ndipo anali atakhala pabedi atagwira diresi pachifuwa akunjenjemera. Layini ndinali nditamusokera kumodzi ndi chitenje m'misoko yonse, ndiye kuti nditulutse zidutswa ziwiri zazitali ndinayenera kuphwasula msana wonse wa bulauzi. Ndinatenga kalezala.

Makina a magetsi sakanathandiza ndi swichi ija. Teta, amene mpaka nthawi imeneyo anangokhala pampando akuwerenga kolona, anandikoka dzanja kupita kuchipinda chawo, n'kuchotsa nsalu ndi mafelemu a zithunzi pa kathebulo kena. Singer yopalasa ndi phazi, yakuda ya maluwa agolide, mphwake weniweni wa ija tinaphunzirirapo. Lamba anali ataduka kalekale. Ndinapempha sokosi yaitali ya nayiloni, azakhali ena anavula yawo pomwepo, ndinaipota n'kuimanga pa gudumu, tinadonthezera mafuta a olivi m'mabowo, ndipo makina anayamba kuyimba. Teta sadziwa Chingerezi, ine Chiarabu changa chinali bukra yekha, koma anakhala pambali panga akundipatsira mapini ndisanapemphe. Pambuyo pake ndinamva kuti pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, ija ya 1975 mpaka 1990, analera ana ndi makina omwewo.

Zigamba zinalowa msanga. Chimene chinandidya zala ndi lesi, chifukwa ameneyo ndi wa pamanja, duwa lililonse kulidula palokha, kuligoneka kuti likumane ndi linzake, kenako kubwezera mikanda umodziumodzi. Apa ndiye anandipulumutsa mtsikana wa ku Ethiopia uja. Palibe anamutuma. Anangogwada pambali panga, n'kuyamba kutola mikanda yomwe inamwazika pansi ndi kundilowetsera ulusi m'singano zitatu mosinthanasinthana, magetsi akazima akundiunikira ndi foni. Chingerezi chake n'chochepa, koma tinamvana. Anandifunsa kuti "madamu" anga amandilola kusunga pasipoti yanga ndekha? Nditati inde, ili m'chikwama changa, anandiyang'ana nthawi yaitali. Yake ili kwa azakhali aja. Kumeneko antchito a m'nyumba ochokera kunja lamulo la ntchito siliwakhudza, chilolezo chawo chokhalira m'dziko chimamangidwa pa dzina la bwana, amati kafala, zomwe zija tinkamva za atsikana akwathu ku Oman. Ndinamvetsa chifukwa chake alendo ena m'mawa muja ankandipatsira makapu akuda osandiyang'ana kumaso. Ngati mumva mtsikana wina wa kumpingo akuti wapeza ejenti womupititsa kumayiko amenewo, mumuuze ayambe wandiimbira.

Zipi inatseka 4 koloko itangodutsa pang'ono, ng'oma za a kuchimuna zikumveka kale kumunsi kwa msewu. Inakwera yokha, fyuu, mpaka pakhosi. Amayi aja anayamba nthungululu, ndipo zawo zimayamba ndi ndakatulo: mmodzi amafuula "Aweeha!" n'kutchula mzere woyamikira mkwatibwi, kanayi konse, kenako onse lilililili. Teta anandipsompsona masaya katatu, n'kunena mawu ena amene adona anamasulira kuti manja anga adalitsike. Ine mumtima ndinati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka kameta mwini wake. Ndinali nditavala siketi ya chitenje ndi sikipa yogonera.

Ndi mmene linabwerera diresi lakuda lija. Teta chimwalirireni amuna awo savala mtundu wina, kabati yonse ndi yakuda yokhayokha. Anasankha labwino koposa, la Pasaka, lonunkha mankhwala a njenjete. Iwo ndi aafupi ndi ojintcha, ndiye linandilekeza m'mawondo, m'chiuno mukanalowa ine ndi inu. Ndinalimanga ndi mapini kumsana, duku lanu kumutu, mamita awiri aja n'kupinda m'chikwama pamodzi ndi singano ndi ulusi, poti ndinadziwa kuti tsikuli silinathe nane.

Ndipo silinathedi. A kuchimuna mwambo wawo amabwera kudzatenga mkwatibwi kwawo, makolo a mnyamata atanyamula mphatso ya golide yoti amuveke pamaso pa anthu. Amayi a mkwati atangoponda pakhomo, ine ndinaona adona asintha nkhope. Diresi lobiriwira, manja aatali a lesi. Lomwelo, amwali, sitolo imodzi, kusiyana saizi yokha. Anapsompsonana akumwetulira, aliyense akuyamikira mnzake kuti wasankha bwino, maso ali gwa. Golide asanamalize n'kumuveka komwe mwana, adona anandikokera kubafa n'kunena kuti, "Dula manja." Mayi ameneyu zaka zonse ndamusokera safuna mikono yake ionekere, ngakhale kutenthe bwanji. Tsiku limenelo analolera. Ndinamasula manja onse awiri iwo ali chivalire, ndinapinda m'mapewa ndi msoko wothamanga, dzanja limodzi n'kulisandutsa lamba wa m'chiuno. Anatuluka monyada ngati anagula lotero.

Ku tchalitchi tinapita pa mdipiti wa magalimoto, mahutala mpaka m'makutu kuwawa, amayi m'makonde akuwaza mpunga ndi maluwa. Mkwati amadikirira pakhomo la tchalitchi, bambo n'kumupatsira mwana pomwepo. Bwana anali thukuta kamukamu, nkhope ngati tomato, amuna anzawo onse majekete ali pamkono, iwo batani lotseka. Wina anafuna kuwathandiza kuvula, anamukankha dzanja.

Mwambo wa ukwati wawo mukanaukonda. Pachimake pake wansembe amaveka mkwati ndi mkwatibwi zisoti zachifumu, ndipo ukwati wa m'tchalitchi amautcha ndi dzina la chisoti chomwecho, ikliil. Nyimbo zake zimakoka mtima ngakhale osamva mawu. Koma ndisaname, ine sindinapemphere za banja lawo. Ndinakhala kumbuyo maso ali m'khwapa mwa mkwatibwi, akapuma mwamphamvu ine mtima phaa, ndikupempha Mulungu kuti ulusi wa dola imodzi uja ugwire. Pochotsa chisoti, dzino lake linakola velo, velo n'kukoka tsitsi loikirira lija, mutu wa mwana n'kupendekeka kutsatira dzanja la wansembe. Mboni yachikazi inalumpha kukawonjola, gogoda n'kulowa pakati pa miyala, inafika paguwa ndi nsapato imodzi. Wansembe anapitiriza kuyimba ngati palibe chachitika. Ndinaona kuti si koyamba.

Madyerero anali pabwalo la lesitilanti ina pamwamba pa phiri, magetsi a m'mbali mwa nyanja akuoneka pansi. Perekaniperekani kulibe, mphatso amapereka mwakachetechete m'maenvelopu, ndipo ndinawauza kuti akutaya ndalama. Chimene ali nacho ndi zaffe. Akwati polowa amatsogozedwa ndi gulu la anyamata ovala mabuluku otaya akuda ndi majombo, ng'oma zikuluzikulu zopachika pamapewa, chitoliro cholira ngati mavu, ena akuzunguza malupanga. Ng'oma yake imagunda m'chifuwa ngati ya gule. Posakhalitsa anyamata ananyamula mkwati pamapewa, mkwatibwi anamukweza pampando m'mwamba, iye manja onse awiri m'mwamba akuvina. Ndinatseka maso. Nditatsegula, zigamba zili malo ake.

Zakudya ndinalephera kuwerenga. Timbale tating'onoting'ono tikungobwera: tabbouleh, hummus, masamba a mphesa okulungamo mpunga, ndi kibbeh nayyeh, yomwe ndi nyama yaiwisi yosinja ndi tirigu. Imeneyo ndinaikana mwaulemu. Ndinakhuta n'kupukuta pakamwa, osadziwa kuti zonsezo n'zotsegulira chabe, nyama yootcha ikubwera. Amuna ankamwa arak, kachasu wawo wa mphesa, woyera ngati madzi koma akathiramo madzi amasanduka ngati mkaka. Ine anandikhazika patebulo la banja, pakati pa Teta ndi azakhali a sokosi aja, ndipo aliyense wobwera ankauzidwa nkhani ya zipi, mpata uja ukukulirakulira, pofika 10 koloko unali chikhatho chathunthu. Zinandikomera, ndisabise. Panapita nthawi ndisanakumbuke kufunsa kuti mnzanga wa mikanda uja ali kuti. Ndinakamupeza kuseri, pafupi ndi khitchini, atakhala pa kreti akugoneka mdzukulu wa azakhali. Ndinamutengera mbale ndi keke, tinadyera limodzi pomwepo. Nkhani ya zipi ija ponseponse inkakambidwa popanda iye, ndipo pamene ndinamutchula patebulo, anthu anangogwedeza mitu n'kupitiriza zina.

Keke anadula ndi lupanga, makombola akuphulika kumwamba. Kenako gule wawo wotchedwa dabke. Amagwirana manja pamzere, phewa ndi phewa, kuyenda cham'mbali n'kumaponda pansi mwamphamvu ndi phazi lamanzere onse pamodzi. Wa kutsogolo kwa mzere ndiye katswiri, amazunguza kansalu m'mwamba, kudumpha, kunjuta mpaka pansi n'kudzukanso. Asuweni anayamba kukankhira mnyamata wathu kutsogolo kuti mlongo wa mkwatibwi aonetse ngati magazi a kwawo akadalimo. Arak anali atagwira ntchito yake. Analibe kansalu, ndiye podutsa pamene ndinakhala anangotsomphola duku lanu kumutu kwanga. Ndinakuwa kuti, "Usanjute!" koma ng'oma zija ndani akanamva. Anadumpha kamodzi, kawiri, duku likuzungulira m'mwamba, anthu akuwomba m'manja, kenako anatsika pansi.

Kwee!

Ngakhale woyimba ng'oma anamva. Kuchokera pa lamba kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo kabudula wam'kati anali wobiriwira ndi wagolide, wa timu yake ya ragibe ija. Anakhala chinjutire, osatha kudzuka, mzere wonse utagwa ndi phwete. Ndinathamanga ndi mamita awiri aja n'kumumanga m'chiuno monga timamangira popita kumaliro, mfundo pambali. Ndinkaganiza kuti athawira kuchimbudzi ndikamusokere. Iye anadziyang'ana, anayang'ana anthu, n'kukweza duku m'mwamba, ng'oma n'kuyambiranso. Anavina nacho chitenje chanu mpaka 1 koloko, ndipo atsikana a ku Beirut ankachita kupanga mzere kuti ajambulitse naye. Bwana nawo, ataona kuti mwana wawo wayalutsa kale banja, anavula jekete n'kuliponya pampando, n'kulowa m'bwalo simbi ili pamsana.

Mwambo womaliza unachitikira kunyumba kwa mkwati usiku womwewo. Mkwatibwi asanalowe, apongozi ake amamupatsa ufa wa tirigu wokandakanda kuti aumate pamwamba pa chitseko. Ukamatirira ndiye kuti banja lilimba, ukagwa amayi amayamba kuyang'anana. Chitseko cha nyumba zamiyala zija n'chachitali, mwana wathu ndi wamfupi, nsapato anali atavula kalekale. Anaima ndi zala, anatambasula mkono mpaka pomalizira, n'kumenya ndi mphamvu zake zonse, phaa! Ine ndinali kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo pakati pa nthungululu ndinamva kaphokoso kamene telala yekha ndiye amakadziwa: tsi, tsi, tsi. M'khwapa lamanja munatseguka mpata wolowa zala ziwiri, mikanda ingapo n'kugwera pa sitepe. Ufa unamatirira. Mwana anatsitsa mkono, anaupanikiza m'nthiti, anandicheukira n'kunditsinzinira diso, n'kulowa.

Sutikesi inafika Lachiwiri, tikupakira zobwerera. Diresi la mikanda ya milungu itatu lija lili m'kabati, silinavalidwepo.

Lolemba lake anatitengera ku Annaya, ku nyumba ya amonke kumene kuli manda a Charbel Woyera, amene Papa Paulo VI anamulengeza kukhala woyera mu 1977. Si patali ndi mudziwo. Ndinatengako kabotolo ka mafuta odalitsidwa ka amayi anu, a miyendo ija, ndipo ndidzapatsira munthu wodalirika wa basi kumapeto kwa mwezi, pamodzi ndi sopo wa mafuta a olivi ndi maswiti a amondi okutira shuga amene amagawa pa ukwati, ngati ana a pano sawatha.

Diresi lakuda Teta anakana kulandira, ndiye ndili nalo, ndaliphwasula kale kuti ndichepetse. Chitenje mnyamata uja wakaniza, akuti n'chake tsopano, duku lokha ndi limene ndinalanda. Ndiye chonde, mukapita mu Limbe mukayang'ane kwa amwenye kuja ngati mtundu umenewu ukadalipo, wa mabwalo achikasu pa buluu uja. Mamita anayi akwana, awiri a msana wa bulauzi ndi manja, awiri omangira. Adona akuti alipira ndi iwo, ndiye musachite kunenerera mtengo. Ngati watha, musagule wofanana nawo pang'ono, mundijambulire kaye ndione.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa onse a pakhonde.

Ndine mnzanu,
wa ku Joni